Mawu a Abusa: Musaopseze ana ndi dzina la atate awo

M'mipingo yathu ya ku Angónia ndi ku Tsangano mabanja ambiri amagona osakwana. Bambo wina ali ku migodi ya malasha ku Moatize, wina wakwera lole ya mbatatesi yopita ku Tete kapena ku Beira, winanso ali ku Joni ndipo adzaoneka pa Khirisimasi. Maulendowa sindikuwadzudzula, pakuti ndalama za feteleza ndi za makope a ana zimachokera komweko.

Chondidetsa nkhawa ndi mawu amene amamveka m'makomo dzuwa likamalowa: "Dikira abwere atate ako, udzaona!" Mayi wonena mawu amenewa watopa ndithu. Anadzuka m'bandakucha, watunga madzi, wapalira munda mwana ali kumsana, ndipo usiku sanagone chifukwa wamng'ono anatentha thupi. Komabe mawuwa amaononga zambiri. Mwana amaphunzira kuti mayi ake alibe ulamuliro kufikira mwamuna atafika, ndipo atate ake, amene anayenera kuwalakalaka, amayamba kuwaopa ngati fisi. Mwana wa zaka 4 sadziwa kuwerenga miyezi. Chilango cha mu Disembala pa mbale imene anaswa mu Ogasiti sichimuphunzitsa kanthu, koma kuthawira kuseri kwa nkhokwe akamva kulira kwa galimoto.

Malembo sanaike ulamuliro wa pa ana m'manja mwa bambo yekha. Lamulo la pa Eksodo 20:12 limatchula atate ndi amayi pamodzi, ndipo pa Levitiko 19:3 amayi ndiwo atchulidwa poyamba. Timoteo, amene atate ake anali Mhelene, chikhulupiriro anachiona mwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike (2 Timoteo 1:5). Chotero inu amayi otsala pakhomo, dzudzulani mwana tsiku lomwelo, mwachikondi, nkhani ithere pomwepo. Tsegulani Baibulo madzulo ngakhale wotsogolera wa masiku onse palibe. Nyimbo imodzi ndi pemphero lalifupi lotchula dzina la amene ali pa ulendo n'zokwanira kwa ana amene tulo tayamba kale kuwagwira.

Inu abambo oyenda, kutumiza ndalama pa M-Pesa si mapeto a udindo wanu. Mukaimba foni, pemphani kulankhula ndi mwana aliyense, ngakhale uja amene amangopumira m'foni osanena kanthu. Ndipo mukabwera, musafike ngati woweruza milandu, kapena ngati mlendo wa masiwiti wopasula m'masiku 3 malamulo amene mkazi wanu wawasunga movutikira miyezi 6. Mukachoka, iye ndiye amatsala akuoneka wankhanza pamaso pa ana ake. Chimene simunagwirizane nacho mukambirane awiri, ana atagona.

Amayi nawonso amayenda pa malonda kapena kukadwazika matenda. Pamenepo bambo aphike phala ndi kusambitsa ana. Asajombetse kusukulu mwana wamkazi wa zaka 9 kuti alere azing'ono ake.

Ndikupempha amayi a Chigwirizano kuti mwezi uno alembe makomo onse amene muli kholo limodzi, makamaka amene muli makanda, kuti tidziwe woyenera kumuthandiza kupalira kapena kumuperekeza kuchipatala usiku. Akulu a mpingo pokayendera makomo amenewa apite awiriawiri, ndiponso masana.