Malire amene Kalonga sankawadziwa

Chizolowezi chojambula mbiri ya dziko lonse pa pepala limodzi, kuti kukula ndi kugwa kwa maufumu kuoneke ndi maso, chinayamba kufala m'zaka za m'ma 1700. Mu 1769 Joseph Priestley, wasayansi wa ku England, anasindikiza tchati chotchedwa A New Chart of History, pomwe zaka zinkayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja ndipo ufumu uliwonse unapakidwa utoto wakewake. Mu 1931 kampani ya Rand McNally ya ku Chicago inatulutsa Histomap ya John B. Sparks, pepala lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, logulidwa dola imodzi, lomwe linapanikiza zaka 4,000 m'mizere yotsika ngati mitsinje, yomwe imatambasuka mtundu wa anthu ukakhala pamphamvu ndi kuphwa ukafooka. Makanema a mapu osinthasintha amene adzaza pa YouTube masiku ano amatsata maganizo omwewo.

Zithunzi zoterezi zili ndi phindu lake, chifukwa wophunzira amaona msanga kuti ufumu wa Roma ndi ufumu wa Han wa ku China unalipo nthawi imodzi, chinthu chimene mabuku osimba dera limodzilimodzi sachionetsa bwino. Vuto lake ndi lakuti zimaoneka ngati zoyezedwa pomwe zili zongoganiziridwa. Sparks ankati kukula kwa mzere kukuimira mphamvu ya mtundu poyerekeza ndi anzake, koma mphamvu ilibe sikelo, ndipo amene wagwira cholembera ndiye amagamula ngati chofunika ndi asilikali, chuma, malo kapena kuchuluka kwa anthu. N'chifukwa chake pa tchati chake Africa ya kum'mwera kwa Sahara sioneka bwino n'komwe, chonsecho mapu a Catalan Atlas a mu 1375 anali atajambula kale Mansa Musa, mfumu ya Mali, atanyamula golide m'dzanja.

Kugwa kwa maufumu nako kumajambulidwa mophweka mopitirira muyeso. Matchati ambiri amadula Roma mu 476, chaka chimene Odoacer anachotsa pampando Romulus Augustulus, ngakhale kuti gawo la kum'mawa la ufumuwo linapitirira ku Constantinople mpaka 1453. Mzinda wa miyala wa Great Zimbabwe unachepa mphamvu cha m'ma 1450, koma anthu ake sanathe, popeza ulamuliro ndi malonda a golide zinasamukira kwa Mutapa kumpoto ndi ku Khami kumadzulo.

Pamene chinyengo cha utoto chimaonekera kwambiri ndi pa ufumu wa Maravi. Mapu ambiri amapaka dera lonse lochokera ku Zambezi, kudutsa m'chigwa cha Shire ndi kum'mwera kwa nyanja ya Malawi mpaka chakum'mawa kwa Zambia ndi utoto umodzi wokhala ndi malire akuthwa, ngati kuti Kalonga, mfumu yaikulu ya Maravi, anali ndi zipata za m'malire. Ulamuliro wake sunali wotero. Kalonga, yemwe likulu lake linali ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, ankalamulira anthu kudzera mu ubale wa fuko la Phiri, m'miyambo ya chipembedzo cha mvula yomwe mbali yaikulu inali m'manja mwa a Banda, ndiponso mu mtulo, womwe ndi mphatso zimene mafumu aang'ono ankapereka posonyeza kugonjera, monga minyanga ya njovu. Mudzi ukasiya kutumiza mtulo, ufumu unkachepa popanda nkhondo iliyonse, ndipo palibe mapu amene angalondole kusintha kotereku chaka ndi chaka. Kuwonjezera apo, mafumu ena a Maravi, Undi ndi Lundu, ankayendetsa madera awo modziimira kwambiri, kotero kuti utoto umodzi umagwirizanitsa pa pepala mafumu amene nthawi zina ankapikisana. Zimene zimadziwika zimachokera ku mbiri yapakamwa, ku zolemba za Apwitikizi monga ulendo wa Gaspar Bocarro wochokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, ndi ku zofukula m'nthaka za Yusuf Juwayeyi ku Mankhamba, ndipo palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chimapereka mzere wa malire.

Tchati chimatha kuzimitsa Maravi m'zaka za m'ma 1800, pamene malonda a akapolo ndi nkhondo za Angoni zinasokoneza derali, koma chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a Achewa, mbadwa za Amaravi, ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Aphunzitsi a mbiri asasiye kupachika mapu amenewa m'kalasi, koma aziphunzitsa ana kufunsa amene anawajambula, chaka chimene anajambulidwa, ndi umboni umene malire ake anatsamirapo.