Mwana akabanika, funsaninso za mayi ake

M'zipatala zathu muli mayi amene anamwino amamudziwa nkhope: amabwera usiku, kachitatu mwezi umodzi, mwana ali kumbuyo akupuma molira likhweru. Mwanayo amamupopera salbutamol, chifuwa chimamasuka, ndipo mayi amatsanzikidwa ndi mawu akuti, "Inu mayi, simusamala." Kawirikawiri palibe wofunsa kuti iyeyo akupeza bwanji.

Bungwe la WHO linati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anafa nayo, ambiri m'maiko osauka. Nthendayi siichiritsika ndi jakisoni mmodzi. Salbutamol amangotsegula njira za mpweya panthawi yobanika. Mankhwala oteteza, monga beclometasone, amafuna kupopera tsiku ndi tsiku, ngakhale mwana akuthamanga pabwalo ngati wabwinobwino. Pafunikanso munthu wokumbukira tsiku la kuchipatala, womuchotsa mwana pa utsi wa nkhuni ndi mbaula, womumvetsera akamatsokomola mbandakucha wa mwezi wa June. Ntchito yonseyi tinaisenzetsa mayi.

Tsono matenda ovutika maganizo amadya zomwezo: tulo, mphamvu, kukumbukira, ndi chikhulupiriro choti zimene ukuchita lero zithandiza mawa. Mayi wotere sanasiye kukonda mwana wake. Amadzuka atatopa kale, mankhwala a m'mawa amaiwalika, zizindikiro zoyamba zimamupita, kenaka amathamangira kuchipatala zinthu zitafika pothina. Ofufuza a ku Johns Hopkins University anaona zimenezi m'mabanja osauka a ku Baltimore: lipoti lawo la 2001 linasonyeza kuti amayi ovutika maganizo ankapita ndi ana awo a mphumu kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi mowirikiza kuposa anzawo. Mwana nayenso amawerenga nkhope ya mayi ake, ndipo mantha amawonjezera kubanika. Usiku uliwonse wochezera mwana wodwala umamufooketsanso mayi, vutolo n'kumangozungulira.

Ena adzati madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa kuno kwathu. N'zoona, koma yankho lina linapezeka kale ku Harare. Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench m'chaka cha 2006, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu amene Ashona amati ali ndi kufungisisa, kuganiza mopitirira. Kafukufuku wa 2016 anasonyeza kuti ocheza ndi agogowa ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi yayesedwanso ku Malawi.

Ine ndikuti benchi yotereyi iikidwe pomwe amayi amadikira ndi ana awo. Namwino akamaliza kumvera chifuwa cha mwana, afunse mayi ngati akugona, ngati akudya, ndi amene amamuthandiza kunyumba. Ndipo pophunzitsa kapoperedwe ka mankhwala, aitane bambo, azakhali kapena agogo, kuti tsiku limene mayi walephera kudzuka pakhale wina wodziwa pamene mankhwalawo amakhala.