Kodi ku Chilumba kumakhala nkhani pokhapokha wina akafa?

Abale anga, tachitani kafukufuku pang'ono. Tengani mulu wa nyuzipepala zakale, zomwe zija amakulungira zitumbuwa, mufufuze paliponse pamene palembedwa dzina loti Karonga. Ndikubetcherani Fanta kuti pafupi ndi dzinalo mupezapo chivomerezi, kolera, madzi osefukira, ufiti, kapena anyamata a zipani atatemana ndi zikwanje. Dzina loti Chilumba ndiye musavutike n'kulisaka komwe. Limatuluka thiraki ikagubuduzika pa M1, apo ayi nduna ikabwera kudzayendera doko n'kulonjeza zomwe inalonjezanso nduna inzake ija. Munthu wa ku Mulanje amene sanapondeko kuno angamayese kuti ife tikadzuka m'mawa timangokhala pamchenga kudikira tsoka lotsatira.

Ndalemba m'Chichewa dala, ngakhale kuti pamsika pano timagulana m'Chitumbuka, n'cholinga choti akonzi a nyuzipepala a ku Ginnery Corner amve bwinobwino, asadzanamizire chilankhulo.

Tiyambe ndi dzina lonyansa lija loti Benghazi. Benghazi weniweni ndi mzinda wa ku Libya kumene kunayambira nkhondo yochotsa Gaddafi mu 2011. Dzinali linamatidwa pa dera la Karonga Central chifukwa cha ndewu za otsatira andale, nthawi imene a Frank Mwenifumbo ndi malemu a Cornelius Mwalwanda ankalimbirana mpando wa ku Nyumba ya Malamulo. Ndewuzo zinalipodi, sindikukana. Koma taonani mmene dzinali linafalikira. Lero ukangonena ku Lilongwe kuti kwanu n'ku Karonga, wina amayamba kuseka, amvekere "Eee, a ku Benghazi!" ngakhale iwe uli wa ku Uliwa kapena ku Hara, kutali ndi kumene ankamenyanako. Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti ana athu analilandira dzinali ngati mendulo. Mnyamata wa Fomu 3 amalitchula akudziguguda pachifuwa. Ndipo mnyamatayo si wopusa ayi. Waona yekha kuti dera lake limatchulidwa pa wailesi tsiku limene matayala ayatsidwa pamsewu, pamene kalata yomwe makolo ake analembera akuluakulu mwaulemu wonse palibe anaitchulapo. Mukuganiza kuti watolapo phunziro lanji? Ine ndikhoza kuphunzitsa za unzika wabwino mpaka choko kutha m'bokosi, koma phunziro la matayala lija ndi limene limalowa m'mutu.

Mu Disembala 2009 chivomerezi chitagwedeza boma lino, anthu 4 n'kufa, nyumba zambirimbiri n'kugwa, atolankhani anadzaza ku Karonga boma. Anajambula matenti, anajambula amayi akulira, basi ulendo. Ndi angati anabwereranso patatha chaka kudzafunsa ngati makalasi ong'aluka aja anakonzedwa? Kolera itabuka kuno kumapeto kwa 2017, tsiku lililonse tinkamva chiwerengero cha odwala ngati zigoli za mpira. Mliri utatha, funso loti kodi m'madoko a asodzi munamangidwa zimbudzi zingati silinakomere aliyense.

Chonsecho nkhani kuno zilipo zambiri, kungoti sizikhetsa magazi pa tsiku limodzi. Mu 2024 nyanja inakwera kuposa mmene yakhalira kwa zaka zambirimbiri. Zithunzi zomwe dziko linaona zinali za mahotela ndi nyumba zopumulira za olemera ku Mangochi ndi ku Salima, mipando ya alendo ikuyandama. Koma nyanjatu ndi imodzi. Mayi amene mathandala ake oyanikapo usipa anamira, n'kukabwereka malo kumtunda pa mtengo wokwera, nkhani yake inathera pa mjigo. Mphepo ya mwera ikayamba kukuntha cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mabwato amagubuduzika, ndipo mwana wa munthu amene anapita kukakoka chilimira usiku osabwerako amalengezedwa pa maliro pokha. Mtengo wa ndowa ya usipa ndi umene umagamula ngati mtsikana wanga wa Fomu 2 abwererenso teremu yamawa kapena akwatiwe. Ilala, sitima yomwe inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, ikapanda kufika pa doko lathu, wamalonda amene amadalira ulendo wa ku Usisya ndi Nkhata Bay amangomva za m'maluwa, uyu akuti yawonongeka, uyu akuti ibwera sabata yamawa. Kwa munthu wa ku Chilumba izi ndiye nkhani. Zoti nduna yatsegulira msonkhano ku hotela ku Lilongwe sizimuphikira nsima.

Tsono imvani chodabwitsa. Chilumba ndi amodzi mwa malo owerengedwa bwino kwambiri m'Malawi muno. Kuyambira mu 1979 kuno kwakhala kukuchitika kafukufuku wa matenda, poyamba wa khate, kenako TB ndi HIV, pansi pa ntchito yomwe ambirife timaidziwa ndi dzina loti KPS, mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine. Kuyambira mu 2002 akhala akulemba mwana aliyense wobadwa, munthu aliyense womwalira ndi aliyense wosamuka pakati pa anthu oposa 30,000 a m'midzi yozungulira. Mu 1996 magazini ya madokotala ya The Lancet inasindikiza zotsatira za kuno zoonetsa kuti katemera wa BCG wachiwiri amawonjezera chitetezo ku khate koma osati ku TB. Mu 2008 magazini yomweyo inaonetsa, ndi chiwerengero cha m'midzi yathu ino, kuti imfa za akuluakulu zinayamba kutsika ma ARV atangofika. Imeneyi ndi ntchito yotamandika ndipo sindikuinyoza. Mfundo yanga ndi iyi: dokotala wa ku London akhoza kudziwa za Chilumba zinthu zomwe mphunzitsi wa ku Chilumba sanawerengepo m'nyuzipepala ya dziko lake. Ngati ndi zotheka kuti munthu wosankhidwa m'mudzi azipereka lipoti la obadwa ndi omwalira mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa 20, asatiuze wina kuti kutola nkhani kuno n'kosatheka chifukwa ndi kutali.

Kutaliko ndi chifukwa chenicheni, inde. Kuchoka pano kufika ku Karonga boma ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo mtolankhani wolipidwa mochepa sangawononge ndalama yake ya minibasi kudzamva za mathandala. Amakwera galimoto ya amene wamuitana, amadya nkhomaliro ya amene wamuitana, n'kulandira kachipondamthengo kake. Ndiye mumayembekezera kuti alemba zoipa za mwini galimoto? N'chifukwa chake nkhani za kumudzi zimangokhala zoti bungwe lakuti lapereka zidebe, mfumu yathokoza. Mawailesi a m'boma lino ngati Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur anatithandiza, chifukwa tinayamba kumva zathu m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde. Kwa anthu amene anaona Chitumbuka chikuchotsedwa pa wailesi ya boma mu 1968, n'kudzabwereranso dziko litasintha mu 1994, chimenechi si chinthu chaching'ono. Koma zonena za pa wailesi zimapita ndi mphepo. Lonjezo la phungu likanenedwa Lachiwiri, pofika Lachisanu palibe pepala loti umuonetse.

Apa tsopano ndisiye a ku Blantyre, ndibwere kwa ife eni ake, chifukwa mlandu wathu ndi wokulirapo. Ndi angati mwa ife ophunzira, aphunzitsi, azachipatala, opuma pa ntchito amene anabwerera kumudzi ndi madigiri awo, tinapitako ku msonkhano wa ADC? Ndalama za CDF zinafika pa K100 miliyoni mu 2022, n'kudzafika pa K200 miliyoni mu 2024, dera lililonse la phungu. Funsani munthu pa depoti kuti zinagwira ntchito yanji kwathu kuno, angokuyang'anani. Mwina tinazolowera, paja kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndiye m'badwo wonse unakula osadziwa kuti khonsolo imafunsidwa mafunso. Koma lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Silinalembedwere atolankhani okha. Msodzi naye ali ndi ufulu wolemba kalata n'kufunsa kuti mlatho wakuti unadya ndalama zingati. Ifeyo tili kalikiliki kukangana za Arsenal.

Ndipo pamene palibe nkhani yotsimikizika, mphekesera ndi imene imalamulira. Uthenga wa mawu pa WhatsApp, wopanda dzina, wopanda tsiku, umazungulira doko lonse dzuwa lisanalowe. Lero akuti nsomba zathiridwa mankhwala, amayi alephera kugulitsa. Mawa akuti gogo wakuti ndi amene wapha mwana amene anamwalira ndi malungo. Boma lino lataya okalamba chifukwa cha mabodza otere, ngakhale kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Gogoyo akaphedwa, pamenepo mpamene atolankhani aja amapeza mafuta a galimoto.

Aphunzitsi anzanga, ifenso tisadzichotse. Chaka ndi chaka timaphunzitsa ana kulemba lipoti pokonzekera MSCE, ndipo timawapatsa ngozi yopeka ya basi yopeka pa mudzi wopeka. Mwana amene bambo ake anamira ndi mwera timamuuza kuti ayerekeze kuti waona ngozi! Bwanji osamutuma kwa a komiti ya pa doko akafunse kuti mwezi uno mabwato angati agubuduzika, ndipo angati anali ndi zovala zoyandamitsa? Akalakwitsa chiwerengero, asodziwo amudzudzula okha, ndipo aphunzira kufunsa kawiri kuposa mmene cholembera changa chofiira chingamuphunzitsire.

Sindikunena zoyambitsa nyuzipepala, ndalama zake tilibe. Ndikunena bolodi limodzi la pulayiwudi pamsika, mapepala awiri olembedwa pamanja m'Chitumbuka, osinthidwa Lolemba lililonse, wolemba aliyense n'kusayina dzina lake pansi. Ana a kalabu yanga ya zolembalemba avomera kale. Tiyamba ndi mtengo wa usipa, tsiku la msonkhano wa ADC, ndi mndandanda wa ntchito za CDF za chaka chatha. Akatikaniza mndandandawo, tidzalemba pa bolodi pomwepo kuti tinapempha tsiku lakuti, ndipo anatikaniza tsiku lakuti.