Walira mvula walira matope: mawu kwa ofuna makina otsukira mbale

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda chikhalidwe chathu, ana athu amene akugwira ntchito ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi kumaiko akutali ayamba kutumiza kwawo katundu amene makolo athu sadamulotepo. Wina mwa katunduyo ndi makina otsukira mbale. Ena omanga nyumba zamakono ku Chileka akumasiya dala malo a makinawa m'khitchini, ndipo ena akufunsa ngati n'kwanzeru kugulira mayi wawo wokalamba wa ku Lirangwe makina otere kuti apumuleko. Mtima umenewu ndi wabwino. Koma makinawa ndi mlendo wosankha nyumba, ndipo akulu adati safunsa anadya phula. Musanatulutse ndalama, yambani mwafunsa madzi anu, magetsi anu ndi ziwiya zanu.

Choyamba tidziwe kumene mlendoyu adachokera. Mayi wina wa ku Illinois m'dziko la America, dzina lake Josephine Cochrane, adalembetsa kuboma makina ake otsukira mbale m'chaka cha 1886. Chidamuwawa n'chakuti mbale zake zadothi zamtengo wapatali zinkabenthuka pozitsuka pamanja. Oyamba kugula makinawo adali mahotela ndi malo odyera, ndipo padapita zaka zambiri asadalowe m'nyumba za anthu wamba. Apa pali phunziro: makinawa adapangidwira mbale zosalala, matambula agalasi ndi masipuni, m'nyumba zimene madzi a m'mipope ndi magetsi sizisowa.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Makinawa amakoka madzi kumpope, n'kuwatenthetsa mpaka madigiri 50 kapena 70, kutentha kumene dzanja la munthu silingakupirire. Kenaka timikono tozungulira timathira madziwo mwamphamvu pa mbale, pamodzi ndi sopo wake wapadera. Makina amakono amatha malita 10 mpaka 15 pa ulendo umodzi, madzi osadzaza n'komwe chigubu cha malita 20, ndipo amadya pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi. Pa nkhani yosamala madzi, tiyenera kuwayamikira.

Tsono funso loyamba ndi la madziwo. Anthu a ku Chileka akudziwa kuti madzi ambiri amene mzinda wa Blantyre umamwa amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry. Bungwe la Blantyre Water Board limawapopa kudzera pa Chileka pomwepa, kuwakweza mamita pafupifupi 800 kuti akafike mumzinda. Madzi okwera phiri chotere amadalira magetsi, choncho magetsi akazima mipope nayo imauma. Komanso chimpope chachikulu kudutsa pafupi ndi mudzi sizitanthauza kuti nyumba zonse zili ndi mpope. Mabanja ambiri a m'midzi ya Chileka ndi Lirangwe amatunga pamjigo. Makina ambiri amafuna mpope wotuluka madzi mwamphamvu. Alipo ang'onoang'ono oika patebulo amene munthu amathiramo yekha madzi, koma amalowa mbale zochepa, zosakwanira banja la anthu asanu ndi atatu.

Funso lachiwiri ndi la magetsi. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adaonetsa kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno ndizo zinkaunikira magetsi. Ngakhale amene ali nawo sadaiwale chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndipo dziko lidakhala mumdima maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi yochuluka. Potenthetsa madzi makinawa amakoka mphamvu yofika mawati 2,000, choncho kasola kounikira ndi kutchajira foni sikangawayendetse. Ulendo umodzi umatenga ola limodzi mpaka maola atatu. Magetsi akathima pakati, mbale zimatsala m'madzi amafuta. Wogula aonjezerepo kachipangizo koteteza makina ku magetsi obwerera mwamphamvu.

Funso lachitatu, limene ambiri amaliiwala, ndi la ziwiya zathu. Ife timadya nsima, ndipo nsima imasiya nkhoko pansi pa poto. Nkhoko imafuna kunyikidwa m'madzi ndi kupalidwa, makina sangaichotse. Poto wophikira pamafuwa kapena pambaula amakhala ndi mwaye, umene umamvera phulusa, mchenga ndi dzanja. Mthiko ndi chipande, pokhala zamtengo, zimang'aluka zikamaphikidwa m'madzi otentha tsiku ndi tsiku. Mapoto a aluminiyamu amene timagula pamsika wa Lunzu amada ndi sopo wa makinawa, ndipo mphika wadothi suyenera kulowamo n'komwe. Mukawerenga bwino, mupeza kuti ziwiya zimene zimatopetsa mayi wa ku Lirangwe ndi zomwezo zimene makina akuzikana. Zotsalira makinawo ndi mbale ndi makapu, ntchito imene mwana wa sitandade 4 amaimaliza dzuwa lisanakwere.

Walira mvula walira matope. Makinawa salola sopo wamba, chifukwa thovu lake limasefukira m'nyumba. Amafuna sopo wake, nthawi zina ndi mchere wake wapadera, ndipo zonsezi zimachokera kunja. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wakunja adakwera mtengo. Musanagule, funsani ngati ku Blantyre kapena ku Limbe kuli mmisiri wodziwa mtundu umenewo, ndiponso ngati zida zake zosinthira zimapezeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi ndiye kuti palibe woyenera kugula? Alipo. Banja lokhala ndi mpope wodalirika kapena thanki yapamwamba, magetsi okwanira ndi mbale zambiri zadothi ndi zagalasi, lipindula. Mwini malo ogona alendo pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka apindulanso. Otere asankhe kukula kwa makina molingana ndi banja: aakulu, a masentimita 60 m'lifupi, amanyamula ziwiya zodyera anthu 12 kapena kuposerapo, pamene a masentimita 45 amanyamula za anthu 9 kapena 10. Azipala zotsala za chakudya asanalowetse mbale, azidikira kuti makina adzaze asanawayatse, ndipo azitsuka sefa yake kawirikawiri.

Koma tisaiwale chimene timatsukira mbale. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayi. Chimene alangizi a zaumoyo amatiuza m'midzi n'chapafupi: chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, mpondagiya wosambira m'manja, dzenje la zinyalala, madzi othira mankhwala ndi thandala. Thandala limakweza mbale kutali ndi galu, nkhuku ndi fumbi, madzi amakha okha, ndipo dzuwa la ku Lirangwe limaumitsa mosalipiritsa. Mbale yotsukidwa ndi sopo, yotsukuluzidwa m'madzi oyera ndi kuuma pathandala ndi mbale yabwino kudyeramo. Mbale yotuluka m'makina odula n'kupukutidwa ndi kansalu kakuda yabwerera kumene idachokera.

Palinso china chimene makina sangachite. Pabeseni la mbale ndi pamene mwana amaphunzira kuti wodya ali ndi ngongole kwa wophika. Ndi pamene agogo amalangiza mdzukulu mwakachetechete, anthu ena osamva. Pamaliro ndi paukwati, amayi akazungulira mulu wa mbale, amakumbutsana kuti mutu umodzi susenza denga. M'mera mpoyamba: mwana wosadziwa kupala nkhoko adzavutika kusukulu yogonera komweko ndi m'banja lake lomwe. Ndipo pano ndinene mosabisa kuti mwambo wosiyira atsikana okha ntchitoyi uyenera kusintha. Mtsikana amene amachedwa kusukulu chifukwa cha mbale, mlongo wake ali pampira, akuberedwa tsogolo. Manja a mnyamata sasungunuka m'madzi a sopo.

Tsono iwe mdzukulu amene uli kutali ndipo ukufuna kupeputsa ntchito ya mayi ako, funsa kaye chimene chimawatopetsa. Kawirikawiri ndi mtunda wa kumjigo ndi ndowa yapamutu. Ndalama ya makina ikhoza kukokera mpope pakhomo kumene mipope ilipo, kugula thanki yokololera madzi a mvula, kapena kumanga sinki yasimenti yofika m'chiuno kuti asamawerame, ndi thandala lolimba pambali pake. Madzi akafika pakhomo, magetsi akakhazikika, makinawo adzabwera pa nthawi yake, ndipo adzapeza nyumba yowayenera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.