Digiri ya Kompyuta Imayambira pa Masamu

Achinyamata ambiri amaganiza kuti digiri ya sayansi ya kompyuta ndi ya odziwa kutaipa msanga kapena kukonza mafoni, koma nkhani yake yagona pa masamu. N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi mayunivesite athu, monga University of Malawi ku Zomba, akamafuna makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, kenako n'kuphunzitsanso masamu ena m'zaka 4 za digiriyo. Taganizani za kaundula wa mayina 1,000,000 osanjidwa motsatira alifabeti. Pulogalamu yoyang'ana dzina limodzilimodzi ikhoza kuwerenga kaundula yense isanapeze amene mukumufuna. Koma ikayambira pakati n'kumataya theka losafunika nthawi iliyonse, imamupeza isanapitirire maulendo 20. Nzeru imeneyi imaphunzitsidwa m'kalasi la ma algorithm, ndipo idzagwirabe ntchito ngakhale zilankhulo zolembera mapulogalamu monga Python ndi Java zitadzaiwalika. Wongoloweza chilankhulo chimodzi amasowa pogwira chikangotha ntchito. Choncho makolo ndi aphunzitsi akusekondale, mwana akanena kuti akufuna za kompyuta, musathamangire laputopu yokha. Mulimbikitseni pa masamu kuyambira Fomu 1.