Kalumo kakuthwa ka Otto Smik, mlendo kulikonse kumene anafika

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umakoma kuunena pa bwalo, koma suuza munthu zimene eni mudzi amachita akaona kuti kalumo ka mlendo kakumetadi bwino kuposa kawo. Ena amakabwereka mokondwa. Ambiri amayamba kufunsa kuti mnyamatayu ndi mwana wa yani, wabwera liti, ndipo ndani wamulola kukhala pa mpando. Nkhani ya Otto Smik, woulutsa ndege zankhondo wa ku Slovakia amene anamwalira ali ndi zaka 22 zokha, ikuonetsa mbali zonse ziwirizi.

Smik sanabadwire n'komwe ku Slovakia. Bambo ake, a Rudolf Smik, anali msilikali wa ufumu wa Austria-Hungary amene anagwidwa ndi asilikali a Russia pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo nkhondo itatha anakwatira n'kukhazikika konko. Otto anabadwa pa 20 Januwale 1922 ku Borjomi, m'dziko la Georgia, tauni yodziwika ndi madzi ake a m'akasupe. Banja linasamukira kwawo kwa bambo, ku Slovakia, mu 1934, mwanayo ali ndi zaka 12, choncho anafika m'dziko la makolo ake ngati mlendo. Ku Bratislava ndiko anayamba kukonda zouluka, ndipo anaphunzira kuulutsa ndege zopanda injini zija zimene zimangodalira mphepo.

Kenaka dziko linang'ambika. Mu Malichi 1939 Czechoslovakia, imene Slovakia inali mbali yake, inatha: asilikali a Hitler analanda chigawo cha anthu a mtundu wa Czech, ndipo Slovakia inakhala dziko palokha pansi pa wansembe Jozef Tiso, koma lomvera Germany. Achinyamata okonda ndege anali ndi njira yapafupi, yolowa usilikali wa boma latsopanoli. Ján Režňák anatsata njira imeneyo, nakagwetsa ndege 32 za Soviet Union akumenyera mbali ya Germany. Smik anasankha njira yaitali. Mu Malichi 1940, ali ndi zaka 18, anadumpha malire mozemba kulowa mu Hungary, anagwidwa, natsekeredwa m'ndende ku Budapest. Atatuluka anadutsa ku Yugoslavia, Greece ndi Turkey mpaka kukakwera sitima yapamadzi yopita ku France. Anafika mu Juni 1940, nthawi imene France inali kugwa, motero anathawanso ulendo wachiwiri, uno wopita ku Britain.

Apa m'pamene pali fupa la nkhaniyi. Ataphunzira kuulutsa ndege zankhondo ku Britain ndi ku Canada, Smik anakhoza bwino kwambiri moti gulu lankhondo la mumlengalenga la Britain, RAF, linamupatsa udindo wa ofesala. Kumayambiriro kwa 1943 anatumizidwa ku magulu a ndege a anthu akwawo, nambala 312 ndi 310. Sanamulandire ndi manja awiri. M'magulu amenewo munali amuna amene anaphunzira ntchito nkhondo isanayambe, amene anamenya nkhondo ku France ndi m'mitambo ya Britain mu 1940, ena mwa iwo adakali masajeni. Tsopano awaimikire sawatcha mnyamata wa zaka 21 amene sanaombepo mdani ngakhale kamodzi?

Kungakhale kupanda chilungamo kuwatcha anthuwa ansanje basi. Munthu amene waika anzake m'manda kwa zaka zitatu, udindo wosakwera, ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma dandaulo lawo linali loyenera kupita kwa amene amagawa maudindo, osati kwa mnyamata amene anangokhoza mayeso. Zimenezi zimachitika m'maofesi, m'masukulu ndi m'mipingo mpaka lero: dongosolo likakhota, mkwiyo umagwera wofika kumene, poti ndiye ali pafupi ndipo alibe womuikira kumbuyo.

Smik sanalimbane nawo. Anasamukira ku magulu a Angelezi, 131, kenaka 122, kenaka 222, limene linkatchedwanso ndi dzina la chigawo cha Natal. Kumeneko kunalibe wofunsa za mbiri ya usilikali wa ku Czechoslovakia. Ankangoona mmene munthu akuulutsira ndege ya Spitfire. M'chaka chomwecho cha 1943 anagwetsa ndege za Germany zingapo m'mitambo ya France, Belgium ndi Netherlands, ndipo analandira mendulo ya Distinguished Flying Cross. Pofika 1944 akwawo aja anamulandiranso, ndipo anauluka nawo pa nthawi imene asilikali a mayiko ogwirizana ankatsikira ku Normandy. Pa 8 Julayi 1944 anagwetsa mabomba atatu ouluka okha a V-1 pa ulendo umodzi, mabomba amene Germany inkaponya ku London. Posakhalitsa anapatsidwa utsogoleri wa chigawo china cha gulu 312, lomwe lija limene linamuyang'ana ndi diso lofiira poyamba.

Pa 3 Sepitembala mfuti zapansi zinalasa ndege yake pamene ankaukira bwalo la ndege la Gilze-Rijen ku Netherlands. Anatera m'dera lolamulidwa ndi adani, ndipo mabanja achidatchi anamubisa kwa masabata angapo, akudziwa bwino kuti akapezeka naye chilango chake chikhoza kukhala imfa. Anthu amenewa sanamufunse chiphaso. Mu Okutobala anabwerera kwa anzake, ndipo mu Novembala RAF inamupatsa gulu lonse la 127 kuti alitsogolere, ulemu umene anthu ochepa kwambiri a ku Czechoslovakia anaulandira. Sanakhalitse pa mpandowo. Pa 28 Novembala 1944, akuukira siteshoni ya sitima ku Zwolle, ndege yake inalasidwanso, ndipo ulendo uno sanapulumuke. Woulutsa ndege wina wa ku Belgium, Henri Taymans, anafa pa chiwembu chomwecho.

Ngakhale m'manda Smik anakhala mlendo. Mtembo wake unasokonezedwa ndi wa Taymans, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 anagona pansi pa dzina la mnzakeyo. Cholakwacho chinadziwika mu 1965, mafupa a Taymans weniweni atapezeka, ndipo Smik anasamutsidwira ku manda a asilikali ku Adegem, ku Belgium. Kwawo kunali zii. Chipani cha chikomyunizimu chitatenga boma mu 1948, amene anamenyera nkhondo ku Britain ankaonedwa ngati anthu okayikitsa. Ambiri anachotsedwa ntchito, ena anamangidwa, monga František Fajtl amene anatumizidwa ku ndende ya Mírov. Režňák uja naye anachotsedwa usilikali mu 1948. Boma limodzi linataya onse, wa mbali iyi ndi wa mbali inayo. Mafupa a Smik anafika ku Bratislava mu 1994, patatha zaka 50 chimwalirireni, ndipo anaikidwa ku manda a Slávičie údolie. Anamukweza udindo ali m'manda kufika pa jenerale, ndipo bwalo la ndege zankhondo la Sliač linatchedwa dzina lake.

Kulemekeza mlendo wakufa n'kosavuta. Sapempha ntchito, sapikisana ndi mwana wa mwini mudzi, sadya za m'nkhokwe. Mayeso enieni amabwera ndi mlendo wamoyo amene waima pa chipata, ndipo pa mayeso amenewo Slovakia ya masiku ano yayankha mosiyanasiyana. Mu Sepitembala 2015, mayiko a European Union atagwirizana zogawana anthu 120,000 othawa nkhondo amene anadzaza ku Italy ndi Greece, boma la Robert Fico linakana, pamodzi ndi Czech Republic, Hungary ndi Romania. Linafika mpaka pokasuma ku khoti la mgwirizanowo, ndipo mlanduwo linaluza mu Sepitembala 2017. Ambiri mwa othawawo anadutsa ku Turkey, Greece, mayiko a ku Balkan ndi Hungary. Ndi njira ya Smik yomwe ija, kungoti iwo ankaiyenda chobwerera.

Wina anganene kuti sizofanana, poti Smik ankathawa kuti akamenye nkhondo, osati kukafuna malo okhala. N'zoona, ndipo dziko lililonse lili ndi ufulu wofunsa amene akulowa. Koma wapolisi wa ku Budapest mu 1940 sanaone ngwazi. Anaona mnyamata wopanda mapepala. Kalumo sikaoneka kakadali m'thumba, ndipo amene amatseka chitseko asanafunse sadziwa chimene wabweza.

Dziko lomwelo linasonyeza nkhope ina mu 2022. Russia italowa mu Ukraine, anthu miyandamiyanda anadutsa pa chipata cha pamalire cha Vyšné Nemecké, ndipo mabanja a ku Slovakia anawapatsa zipinda, sukulu zinalandira ana awo. Mu 2023 boma linapereka ku Ukraine ndege zake 13 za MiG-29, zimene kwawo kunali pa bwalo lija la Sliač. Fico atabwerera pa mpando chakumapeto kwa chaka chomwecho, analetsa zopereka zida kuchokera m'nkhokwe za asilikali. Anthu a ku Ukraine amene anatsala akugwira ntchito m'mafakitale ndi m'zipatala, ena ntchito zochepera maphunziro awo, podikira kuti mapepala awo avomerezedwe. Pa nthawi yomweyo achinyamata masauzande ambiri a ku Slovakia akuphunzira m'mayunivesite a ku Brno ndi Prague, ku Czech Republic, ndipo ambiri mwa iwo akamaliza sabwerera kwawo.