Penti wopaka pa dzimbiri ndi ndalama yotaya

Mvula ikamayandikira, ngolo zimayamba kunyezimira m'misewu ya kumudzi, zina zobiriwira, zina zofiira, eni ake akuyenda monyadira. Koma dikirani Febuluwale afike. Penti uja watupa matuza, akusendeka ngati khungu la njoka, ndipo pansi pake pali dzimbiri lokhalokha. Ambiri amathamangira kunena kuti wasitolo anawagulitsa penti wachinyengo. Ife tikuti nthawi zambiri vuto limakhala chitsulo chimene anapakapo chisanatsukidwe.

Ngolo zathu zambiri zimapangidwa ndi zitsulo za galimoto zakutha, monga ekiselo, malimu ndi masipuling'i. Zitsulozi zimachoka ku galaja zitamatirira girisi ndi oyilo wa zaka zambiri. Penti sagwira pa mafuta. Pa dzimbiri amaoneka ngati wagwira, koma dzimbiri limasunga chinyezi, choncho limapitiriza kudya chitsulo mobisala. Ndiye ngolo ya mlimi ili ndi adani ena amene galimoto inalibe: manyowa ndi feteleza. Feteleza wotayikira m'ngolo amakoka chinyezi ndipo amafulumizitsa dzimbiri koopsa.

Yambani ndi mafuta, osati dzimbiri. Mukayamba kukwecha chitsulo chili ndi girisi, mungomupaka ponseponse n'kuononga sandipepala. Palani girisi wouma ndi kampeni kakutha, pukutani ndi sanza yoviika m'parafini, kenaka tsukani ndi madzi otentha a sopo waufa. Kuti mudziwe ngati mafuta achoka, thirani madzi: akamapanga timadontho tozungulira m'malo moyenderera, bwerezani. Petulo msiyeni, sachedwa kuyaka, ndipo pakhomo pa mlimi sipasowa moto kapena wosuta fodya. Madzi otsukirawo asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Mukatero mwafika pa dzimbiri, ndipo apa mpamene anthu amatopera. Gogodani ndi hamala kuti makoko agwe, kwechani ndi bulashi ya waya, malizani ndi sandipepala mpaka chitsulo chiyere. Musaiwale m'makona ndi mmene anawotcherera, chifukwa dzimbiri limakonda kuyambira mmenemo. Mabawuti ndi manati aviikeni mu viniga usiku wonse, m'mawa muwatsuke ndi madzi osungunuliramo soda n'kuwaumitsa. Phimbani mphuno ndi maso pokwecha. Penti wakale wa galimoto zina amakhala ndi mtovu, womwe ndi woipa kwambiri kwa ana, choncho ana asasewerere pamenepo.

Hamalayo akuuzaninso zina. Chitsulo chikabooka kapena kufumbutuka pogogoda, penti sangachipulumutse. Pitani nacho kwa owotcherera, kapena chisintheni, chisanakuthyokereni ndi matumba a chimanga pamtsetse, ng'ombe zili pagoli.

Chitsulo choyera sichigonekedwa. Mame a usiku umodzi amakwana kuti dzimbiri liyambirenso. Chikangouma gwa padzuwa, pakani tsiku lomwelo penti woyamba wofiira uja amati red oxide, womwe amapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira. Muleke aume monga zalembedwera pachitini, kenaka pakani penti wa mafuta mopyapyala kawiri. Kuunjika kamodzi kumangoyenderera, ndipo mkati simuuma msanga. M'mabering'i ndi m'mazinga a mabawuti simufuna penti, mumafuna girisi watsopano. Chimodzimodzi khasu la pulawo: penti amachoka tsiku loyamba kulima, bola kulipaka oyilo posunga.

Tikudziwa kuti ntchitoyi imadya masiku awiri kapena atatu pa nthawi imene kumunda kukuitana. Komabe yerekezani mtengo wa parafini, sandipepala ndi chitini cha red oxide ndi mtengo wa ekiselo ina, kapena wobwereka ngolo ya mnzanu nyengo yonse yokolola.

Kwa amene mukugula ngolo yopangapanga, musakopeke ndi kuwala. Suzumirani kunsi, kandani ndi msomali pamalo obisika, muone ngati pansi pa penti pali red oxide kapena dzimbiri. Ngati mukuchita kupangitsa, gwirizanani ndi mmisiri kuti akuitaneni mudzaone zitsulo asanapake.